Maliro a Esitele Anachedwa Zaka Ziwiri

A Eneya a kwa Kapondo ndi mlimi wa fodya ngati tonsefe, kungoti anakodwa ndi nyimbo za kantire, zija za oweta ng'ombe a ku Amereka. Chipewa chotambalala kumutu, gitala kumsana, ngakhale popita kudimba. Ife tinkafa nalo phwete: "Akawuboyi opanda ndi mbuzi yomwe!" Amene sankaseka ndi mkazi wawo yekha, Esitele, mnzanga wa ponda apa nane mpondepo. Ankasoka fodya m'chigafa kwinaku akuwapolokozera nyimbo.

Esitele anatisiya mu 2021, Kovidi itavuta. Bokosi linabwera lokhomakhoma, anakaika anthu ochepa ovala magolovesi, basi. Panalibe siwa, panalibe kwaya, panalibe wopita kukapepesa. Inenso sindinapite. Ndinaopa kufa, ndisaname, ndipo manyazi ake ndikadali nawo.

Patatha zaka ziwiri a Eneya anawoloka malire kupita ku Chipata, nakajambula chimbale cha nyimbo khumi mu situdiyo. Anachitcha "M'chigafa Mulibe Munthu". Sankafuna kutchuka ayi. Ankangofuna kuti anthu amve dzina la Esitele, alitchule, amukumbuke.

Koma abale, anthufe! Wina wa pa wayilesi anati nyimbozo n'zogonetsa tulo. Okopera nyimbo m'mafoni pa msika anafunsa kuti avina pati. Ine a Eneya anandipatsa sidi pamanja, ndinangoitsomeka kudenga osaimvera n'komwe. Zotsalazo zinkachita fumbi m'katoni pansi pa bedi lawo.

Ndiye Loweruka lina m'mamawa anabwereka chimkuzamawu cha kutchalitchi, nachiika pakhonde, n'kutsegula nyimbo yomaliza ya m'chimbale chija. Oimba kantire ali ndi kathyoledwe kawo ka mawu, kokwera mwadzidzidzi n'kugwa. Ife tinazimvapo kuti zimenezo? Ndili pachitsime ndinangomva "mayo ine, mayo ine" kuchokera kwa a Eneya. Ndowa ndinaisiya pomwepo.

Mudzi wonse unakhamukira kumeneko. Amayi akumanga mipango ali panjira, ena atayamba kale kulira, ndipo a Elias, mkulu wa adzukulu okumba manda, anali atayala masamba pamsewu kuti odutsa adziwe kuti pagwa zovuta. Tikufika, a Eneya ali khale pampando, amoyo, chipewa chili pamaondo.

Mtima unandiwira. "Inu a Eneya, n'zamasewera zimenezi? Mwationongera ntchito! Wamwalira ndani pano?"

Anandiyang'ana. "Esitele," anatero motsitsa. "Zikomo kuti mwafika."

Nyimbo ija inapitirira, ndipo apa m'pamene ndinamva mawu ake: singano ya Esitele ili chitsomekere pa mzati wa chigafa, ulusi wake sanautsirize, pomuperekeza panalibe womuimbira. Inatchula ngakhale nyimbo ya kwaya imene iye ankati tidzamuimbire. Amene anandiuza zimenezo ndi Esitele mwiniwake, tikusoka fodya, ine n'kulonjeza.

A Elias sanachotse masamba aja. Abambo anakhala pansi pa mtengo wa mango, amayife tinavula nsapato n'kulowa m'nyumba, monga zikhalira pa maliro. Ndinayambitsa nyimbo ya kwaya ija ndine. Ndinangotha mzere umodzi, anzanga n'kuilandira.