Sabzbahor wa ku Bartang, Wosunga Nyimbo za Maliro

Tsiku limene Sabzbahor anabadwa, chipale chofewa chinkagwa mwakachetechete m'chigwa cha Bartang, mapiri ndi thambo osasiyanitsika. Bambo ake ankaimba madoh, nyimbo zotamanda Mulungu zoperekezera womwalira. Boma la nthawiyo litaziletsa, bambowo anatengedwa osabwereranso. Mawu onse amene anamuphunzitsa anatsala m'mutu mwa mwanayo.

Atakula anakwatiwa ndi Oshurbek, munthu wosalankhulalankhula, wodziwa kukhwacha zingwe za rubab, gitala yakwawoko, wa mawu okoma koma woiwalaiwala. Kumeneko mkazi saimba madoh pamaliro. Choncho Sabzbahor ankakhala tsonga pafupi ndi mzati wa nyumba ya malirowo, n'kumamunong'oneza mwamuna wake chiyambi cha ndime iliyonse.

"Bambo inu, mutu wanuwu ndi sefa," ankatero pobwerera.

"Nanga ndinakukwatiriraninji?" ankayankha Oshurbek.

Sabzbahor anaika m'manda ana awiri, koma sanadandaule. Chaka cha njala ankagawira anansi ufa wa mabulosi ouma, iye n'kugonera tiyi wamchere. Maliro akagwa kutsidya, ankaoloka mlatho wa mitengo mtsinje ukubangula. Ankati, "Munthu asachoke chete ngati mlendo wothamangitsidwa."

Atakalamba miyendo inakana. Nyengo yonse yozizira anaphunzitsa mwamuna wake ali chigonere, koma nyimbo yaitali ija, ya mzimu wobwerera kwawo, inkangomupulumuka.

"Ndikapita adzakunong'onezani ndani?" anafunsa.

"Ndiye musapite."

Anapita m'mawa wina, dzuwa likutsika pazenera la padenga, milomo ikuyendabe ndi pemphero.

Khalifa, mtsogoleri wa mapemphero, anati aitane woimba wa mudzi wina. Oshurbek anapukusa mutu. "Ndimuperekeza ndekha."

Nyale ya maliro itayatsidwa, anakhala pansi, rubab pamiyendo. Nyimbo zazifupi zinayenda bwino. Itafika yaitali ija, m'mutu munayera ngati chigwa chokutidwa ndi chipale. Anayang'ana kumzati, panalibe munthu. Utsi wokha unkakwera pang'onopang'ono. Kenako kumbali ya amayi kunamveka kunong'ona: mmodzi, awiri, kenako onse, monga madzi oyenda pansi pa ayezi. Iye sankadziwa kuti mkazi wake ankawaphunzitsa kumtsinje ndi popota ubweya.

"Yambani, agogo a sefa," anatero mayi wina wachikulire chapansipansi. "Tilipo."

Oshurbek anakunga chingwe chimodzi, n'kuimba nyimboyo mpaka kumapeto.