Tsiku Limene Ofesi Yathu Inachoka ku Chilomoni

Bungwe lathu linali ndi dzina lalitali la Chingerezi, koma ofesi yake inali pakona ya chipinda changa chogona ku Chilomoni, pakati pa wodilopu ndi dengu la zovala. Linali la aphunzitsi a m'mayunivesite a m'maiko osauka, ife amene timafufuza za ubale wa pakati pa maiko: amene amapereka, amene amapempha, ndi amene amangoti inde bwana. Tinaliyambitsa titatopa ndi kulembedwa ndi anthu amene maiko athu amawaonera pa windo la ndege. N'chifukwa chake tinagwirizana kuti ofesi izikhala m'dziko losauka nthawi zonse. Ine ndinali mlembi wamkulu, kutanthauza kuti makalata, madandaulo ndi zonse zimene ena sankafuna kugwira zinkathera pa ine.

Msonkhano wathu waukulu unayenera kuchitikira ku Blantyre. Holo ndinali nditaipeza kale, ndipo ndinkadziona ndikuwayendetsa alendowo mumsika wa Ndirande kuti aone nkhope za anthu amene amawalemba m'mabuku. Kenaka mliri wa korona unafika, ndege zinaima, ndipo zonse zinasamukira pa intaneti. Poyamba tinkati ndi mwayi, palibenso zopempha viza. Bodza lenileni. Amene ankaoneka bwino pa misonkhanoyo anali anzathu ophunzitsa ku Ulaya, ana a maiko athu omwewa, atakhala patsogolo pa mashelefu a mabuku. Ife a kuno tinkangoti tayamba chiganizo, magetsi thi, kapena bandulo yatha, nkhope n'kuuma pa sikirini kukamwa kuli yasa ngati nsomba ya pamsika.

Wapampando wathu anali pulofesa wochokera dziko losauka ngati lathu, koma anakhazikika ku Ulaya kalekale. Iyeyo ndi amene anabweretsa ganizo loti ofesi isamukire ku yunivesite yake "kwa kanthawi", mpaka mliri udzathe. Kanthawi ka anthu amenewa ndimakadziwa ine. Nkhaniyo inayenera kuvoteredwa pa msonkhano wa mamembala onse, ndipo woyankhula motsutsa ndinali ine. Anzanga a muno mu Africa ndi a ku Asia ankanditumizira mauthenga kuti akudalira ine. Ndinakonzeka. Ndinapeza kachipinda pa hotela ina m'tauni, pamene pali jenereta ndi intaneti yosadukiza, ndipo diresi ndinasita dzulo lake magetsi asanathawe.

M'mawa wa tsikulo ndinadzutsidwa ndi kulira. Nditasuzumira panja ndinaona masamba ataikidwa pamsewu. Amene anamwalira anali bambo a nyumba yoyandikana nafe, a ku Nsanje, amene anagwira ntchito pa fakitale ina ku Makata mpaka kupuma. Tinkatunga pa mpopi umodzi, ndipo mwamuna wanga atamwalira ndi iwo amene anathamanga ndi za bokosi. Anamwalirira kuchipatala ndi nthenda yomweyi, ndipo uthenga unali woti thupi silibwera kunyumba. A zaumoyo akaliika okha, ndi achibale ochepa chabe ataimira patali.

Ndinavalabe diresi langa, ndinanyamula chikwama cha laputopu, ndinafika pakhonde. Azibambo anali atakhala pamsewu, ena pa mipando yanga yomwe, masiki ali m'chibwano. Njira yopita pa siteji ya minibasi inali imodzi yokha, yodutsa pakati pawo, pamaso pa mayi wamasiye amene anali pa mkeka pakhomo pake. Maliro akakhala mzere wina wa nyumba umatha kukapepesa n'kupita kuntchito. Koma a munthu wogawana naye mpanda ndi ako, ndipo sungawalumphe utavala nsapato zazitali. Komanso mayiyo analibe bokosi loti aliyang'ane. Chimene anali nacho ndi ife basi. Ndinabwerera m'nyumba, ndinavula diresi, ndinamanga chitenje ndi mpango.

Ndinakhala ndi amayi anzanga mpaka masana, mtima uli pa wotchi. Nthawi itakwana ndinanong'oneza mtsogoleri wa amayi a mphakati, amene ankatsogolera nyimbo.

"Mayi, ndilowe kaye m'nyumbamu pang'ono, pali miting'i ya kuntchito."

"Miting'i? Lero, aneba?" anatero, osandiyang'ana n'komwe. "Si masukulu anatseka?"

"Ndi ya pa foni. Sindichedwa."

"Pitani. Ife ndi amene tilibe zochita."

Magetsi kunalibe, choncho ndinalowa pa foni, nditakhala pa bedi. Wapampando anayankhula mokoma, mawu ake osalala, Chingerezi chosapunthwa. Anati palibe amene akulanda kanthu, akungofuna kundipeputsa katundu. Anandiyamikira kwambiri, mpaka ndinachita manyazi ngati ndine amene ndamwalira. Kenaka anati, "Tsopano timve kwa mlembi wathu."

Nthawi yomweyo panja panafika uthenga woti kumanda atsiriza kuika. Amayi amene anakanizidwa kukaperekeza malemuwo anaimirira onse n'kuyamba nyimbo imene akanaimba pa dzenje. Sinali nyimbo yoimbidwa motsitsa. Mayi wamasiye anakuwa m'Chisena kuitana mwamuna wake. Ine ndinatsegula maikolofoni n'kuyamba mawu anga.

Ndisanamalize chiganizo chachiwiri, wapampando anandidula. "Pepani a mlembi, kwanuko kuli phokoso lalikulu. Sitikukumvani." Ndipo ananditsekera maikolofoni.

Phokoso. Mutu wa msonkhanowo unali wa mliri ndi maiko osauka. Anthu anali atawerenga mapepala awo onena za imfa zathu, ali ndi makapu a khofi m'manja. Imfa yeniyeni italowa m'makutu mwawo anaitcha phokoso. Ndinadzuka n'kukatseka windo, ngakhale ndinkadziwa kuti kutsekera windo maliro ndi chipongwe, ndipo amayi ena anandiona. Sizinathandize, nyumba zathu n'zoyandikana ndipo madenga ndi a malata. Ndinatsegulanso maikolofoni n'kunena kuti ndi maliro a mnansi wanga, andilole ndiyankhule choncho. Wina anati pepani, wina anatumiza kachithunzi ka manja opemphera, ndipo ananditsekeranso. Anati ndilembe mfundo zanga m'bokosi la mauthenga. Ndinalemba, koma netiweki inangozungulira, uthenga osapita.

Pamenepo wapampando ananena mawu amene mpaka lero ndikawakumbuka chakudya chimandikanika. "Anzanga, mwaona nokha. Mavuto amene tikunena ndi amenewa."

Anavota. Ambiri a mbali yathu anali atagwa kale pa intaneti, ena bandulo itawathera, ena magetsi. Amene anatsala anakweza timanja tawo ta pa sikirini, ndipo ganizo linadutsa mosavuta. Anandiombera m'manja chifukwa cha ntchito yabwino. Foni yanga inali itatentha ngati simbi.

Nditatuluka panja, mtsogoleri wa amayi uja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Mwamaliza bizinesi yanu, a madamu? Timakusokoserani eti? Taona mwatseka windo."

Ndinafuna kumuuza kuti ndangotaya chinthu chimene ndinachisenza zaka zambiri chifukwa chokana kudutsa pamaliro amenewa. Koma ndikanayambira pati? Kwa iye ndinali mayi wophunzira wodzimva, wosewera ndi foni mnzake akulira. Kwa aja a pa sikirini ndinali mayi wa ku Africa amene sangathe kupeza chipinda chachete. Mayi wamasiye anangosuntha pang'ono pa mkeka kuti ndikhale. Ndinalira kwambiri tsiku limenelo, ndipo anthu anati ndinkawakonda zedi malemuwo. Ndinkawakondadi, koma misozi ina inali ya ukali.

Mliri unatha. Masiki tinawataya, minibasi zinayambanso kutipanikiza anayianayi. Ofesi sinabwerere. Ndikafunsa, amati komiti ikuunikabe nkhaniyo, ndipo mlembi watsopano ndi wophunzira wa wapampando yemwe uja. Ine anandipatsa udindo woimira chigawo chino cha Africa, umene ntchito yake ndi kukhala ndi chithunzi pa tsamba lawo la pa intaneti, nditavala zachitenje.

Chaka chathachi anandiitana kuti ndikayankhule pa msonkhano wawo, ku Ulaya konko. Mutu umene anandipatsa unali wofunsa chifukwa chimene akatswiri a ku Africa samveka m'mabungwe ngati lathuli. Anati ndine woyenera kwambiri. Ndinatukwana ndekha m'chipinda mpaka kukhosi kunauma, kenaka ndinavomera, poti ndikanakana akanati mwaona nokha, tikawaitana sabwera. Viza a ku ofesi ya kazembe anandimana.