Ndinatayitsa Mlongo Wanga Dimba la Kasupe

Inu owerenga, ndinatayitsa mlongo wanga dimba ndili ku Woolwich kuno ku Ulaya, pa foni, ndikudikira basi yopita kuntchito. Ndikulemba izi kuti wina asadzachite zimene ndinachita ine.

Kwathu ndi kumalire. Mtsinje wathu umachokera m'dziko loyandikana nalo, ndipo kumtunda kwake, tsidya lija, anamangako damu. Ndisanabwere kuno kudzasamalira okalamba ndinali mtolankhani, choncho nkhani za kumudzi ndimazitsatira. Nditamva kuti maboma awiriwa asainirana pangano logawana madzi, ndinalifufuza n'kuliwerenga. Linanena momveka bwino kuchuluka kwa madzi amene a tsidya azitulutsa chaka chilichonse. Kumbali yathu anayamba kukumba ngalande ndi kugawa minda yothirira.

Amalume atamwalira, umwinimbumba unagwera ine. Kwathu mlongo sasintha munda popanda mawu a mwinimbumba, ngakhale mwinimbumbayo akhale ku Ulaya. Mlongo wanga Esinati anali ndi dimba losiya amayi, laling'ono koma la kasupe wosaphwa. Msuweni wathu anali atalandira munda wa kungalande, koma unkamutalikira, ndiye anapempha kuti asinthane. Esinati anandiimbira.

"Achimwene, mukuti bwanji? Ine ndimva inu."

Ndinamuuza kuti asinthe. Ndinati madzi a kungalandewo ndi otsimikizika, maboma asaina. Anasinthana pamaso pa mboni, msuweni n'kubzala nthochi m'dimbamo. Kwathu malo akabzalidwa nthochi sabwezedwa.

Chimene sindinachione ndi ichi: panganolo limatchula madzi a chaka chonse, silitchula mwezi. Mvula itakula, damu litadzaza, a tsidya anatsegula zitseko zake. Madzi anadutsa poyezera pa malire, n'kuwerengedwa kuti gawo lathu laperekedwa. Madzi omwewo anakokolola mpunga wa Esinati. Chilimwe chitafika, nthawi imene wothirira amafuna madzi, m'ngalande munali mchenga wokhawokha. Palibe amene anaphwanya pangano. Chaka chotsatira zinachitikanso chimodzimodzi.

Ndinayesa kukonza. Anzanga akale a nyuzi anati nkhani yopanda wolakwa sigwira tsamba. Msuweni anandiyankha mwaulemu kuti nthochi zabereka kale, ndipo mawu osinthana anali anga. Nditafotokozera mnzanga wina wa kutchalitchi ku Tottenham, sanandinyengerere.

"Aise, iwe mtsinje wa Thames womwewu umangouonera pa windo la sitima. Ndiye ukayeze mtsinje wa kwanu pa foni?"

Lero Esinati amawoloka malire kukagwira ganyu yopalira m'minda ya tsidya, yothiriridwa ndi damu lomwelo. Ana ake aakulu anasiya sukulu, amapita naye. Ndikamuimbira amayankha bwinobwino, amafunsa za kuzizira ndi za shifiti. Za munda sandiuzanso. Mwana wake wamkazi atapeza banja ndinamvera kwa anthu, unkhoswe atapatsa wina.

Inu amene muli kunja kuno, dziwani kuti mawu athu amalemera kumudzi kuposa zimene tikudziwa. Tikangoti "sinthani," m'bale safunsanso kwina. Mukamva za madzi olonjezedwa ndi dziko lina, funsani kuti adzafika mwezi uti, ndipo wotsegula ndi wotseka ndani. Musalole m'bale kusiya madzi amene akuwaona chifukwa cha madzi amene inu mwawerenga. Ngati simukudziwa, nenani kuti simukudziwa. Ine ndinachita manyazi kutero, ndipo amene akulipira manyaziwo ndi khasu m'munda wa eni si ine.