Masiki Imodzi ya Nyumba Yonse

Kuseri kwa chitseko chathu ku Mtendere kunali msomali wopindika, ndipo pamsomaliwo pankakhala masiki imodzi. Amayi anaisoka okha ndi kachidutswa ka chitenje chobiriwira, lasitiki wake anachotsa ku siketi yanga yakale. Inali ya nyumba yonse. Wopita ku tauni ankaitenga, pobwera n'kuikolekanso. Kwa ife inali ngati chiphaso, chifukwa popanda iyo alonda a m'masitolo ankakubweza pakhomo. Ndikaivala ndinkamva fungo la mafuta odzola a amayi, pansi pake fungo la dizilo ndi thukuta la amalume. Fungo limenelo linkandikhazika mtima pansi. Linali la anthu athu.

Inali nyengo yozizira ya chaka chimene korona inatseketsa masukulu, ine ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Tsiku lotsekera aphunzitsi anatifunsa kuti ndani akuganiza kuti matendawa afika mu komboni mwathu. Tonse tinakweza manja. Kenako anafunsa kuti ndani akuganiza kuti alowa m'nyumba mwawo. Palibe dzanja linakwera. Aphunzitsi anatiyang'ana kwa nthawi, n'kupukuta choko m'manja. Ine ndinayesa kuti tayankha bwino.

M'nyumba tinali atatu: amayi, ine ndi amalume, mlongo wawo wa amayi, amene anali kondakitala pa basi ya ku tauni ndipo ankagona pabalaza pathu. Amayi ankagulitsa zitumbuwa ndi tomato pamsewu. Anali ndi mphumu, ndipo kukazizira chifuwa chawo chinkalira ngati ketulo yoyamba kuwira. Wailesi ikanena kuti anthu a mphumu asamale kwambiri, iwo ankati, "Akamba aja a mphumu yeniyeni. Yanga ni ya mphepo chabe." Amalume anali ndi mawu awonso. "Ivi ni va mabwana okwera ndeke, ba sisi. Ise tinapita mu kolera, tili pano."

Musaganize kuti amayi sankaopa matendawa. Ankawaopa kwambiri, koma ankadziwa kumene adzachokere. Pabwalo pathu panali mabanja asanu, mpopi umodzi, chimbudzi chimodzi ndi chingwe chimodzi choyanikapo zovala. Kuseri kwa khoma lathu kunkakhala amayi ena amene ankakolopa ku kiliniki. Ankakhala ndi mwana wawo wamkazi wa zaka zinayi ndi abambo awo okalamba, amene ankaothera dzuwa pampando tsiku lonse. Kale amayiwa ndi amayi anga ankabwerekana mchere ndi makala a moto. Tsopano amayi ankawapatsa moni ali patali, atagwira chitseko.

Ine anandipatsa ntchito yowayang'anira. Popeza sukulu kunalibe, ndinkakhala pakhonde ndi kope limene ndinkalembamo za tsiku lililonse, ndipo nyengo imeneyo kope lonse linadzaza ndi amayi a ku kiliniki. Lolemba agwira mpopi ndi dzanja lamanja. Lachitatu ayanika yunifolomu pafupi ndi bulangeti lathu. Lachinayi atsokomola kawiri, kapena mwina anali abambo awo. Akachoka pampopi ndinkathamanga ndi sopo kukatsuka pamene agwira. Madzi a m'mawa ankaluma zala mpaka kuuma, koma ndinkaona ngati ndikupulumutsa amayi anga. Lero ndikamawerenga masamba amenewo ndimachita manyazi ndi kusamala kwa zilembo zanga.

Tsiku lina masiki ya amayiwa inaduka chingwe, ndipo anabwera kudzapempha singano. Amayi anawauza kuti singano inatayika. Atachoka, amayi anati, "Lero singano, mawa azapempha masiki yathu." Madzulo omwewo amalume anabwera ndi masiki yathu ija ili pachibwano, yonyowa. Tsiku lonse anali atakhala pakhomo la basi, akuitanira anthu ndi kupumirana nawo mpweya. Anaikoleka pamsomali, m'mawa mwake amayi anaivala kupita kukagula tomato. Zimenezi sindinalembe m'kope. Sindinaone choti n'kulemba.

Amalume ndiwo anayamba kudwala. Anati ndi chimfine cha fumbi, ndipo sanajombe ku ntchito ngakhale tsiku limodzi. Ndikukumbuka akudya kapenta, akuthira mchere kachitatu. "Ba sisi, mwaphika mapepala?" Tinaseka tonse, amayi n'kuwauza kuti akakwatire ngati ndiwo zawo zawatopetsa. Amayi anawawiritsira mandimu ndi jinja, anawafunditsa bulangeti pamwamba pa beseni la masamba a bulugamu, ndipo iwonso analowetsa mutu m'bulangetimo kuti aone ngati nthunzi ikukwanira. Patatha sabata amalume anali bwinobwino.

Kenako amayi analephera kudzuka kuti akazinge zitumbuwa. Ufa wokanda unagona m'beseni mpaka kusasa. Tsiku lachitatu mpweya unayamba kuwathera pakati pa mawu. Kuyenda kuchoka pabedi kufika pakhomo ankapumula kawiri, milomo itatuwa. Ndikawafunsa ngati ndikaitane munthu, ankapukusa mutu. "Ni mphepo. Izapita." Amalume anali ku basi. Ine ndinakhala pansi pafupi ndi bedi, ndikuwerenga m'kope kuti ndipeze tsiku limene ndinaiwala kutsuka mpopi.

Masana a tsiku limenelo amayi a ku kiliniki anagogoda. Anali atavala masiki, ndipo sanalowe msanga. "Ba neba, masiku atatu nikumvelani pa chipupa. Uku si kupuma kwa mphepo." Amayi anayesa kunena kuti ali bwino, koma chiganizocho sichinathe. Amayi aja anatsekula zenera, anandituma kukaima panja, n'kupita okha kukafuna galimoto. Ndinawaona akuwagwira amayi m'khwapa powakweza, ndipo mumtima ndinakwiya kuti akuwakhudza.

Amayi anakhala kuchipatala pafupifupi milungu iwiri, ali ndi chipangizo chowathandiza kupuma. Achipatala sankalola munthu kukawaona. Ndinkadya chimene amalume abwera nacho, ndipo kawiri ndinapeza mbale ya nyemba pakhomo, yovundikira, popanda amene wagogoda. Ndinadziwa mbaleyo kuti ndi ya kuseri kwa khoma. Ulendo woyamba ndinataya nyembazo. Ulendo wachiwiri njala inandigonjetsa.

Amayi anabwerera ataonda, chitenje chikuzungulira kawiri m'chiuno, mawu ali aang'ono. Anthu a kutchalitchi atabwera kudzawazonda, amayi anawauza kuti m'chipinda chimene anagonamo ena sanatuluke amoyo. Ananena zimenezi motsitsa mawu. Kenako anaweramuka n'kuti, "Koma ine n'nadziwa kuti sinizafa. Ise magazi athu ni olimba." Amalume anavomereza ndi mutu. Za kumene matenda anachokera, palibe anatchula dzina, koma maso onse anapita kukhoma. Amayi anawathokoza aneba aja, ndipo sindikayika kuti anathokoza ndi mtima wonse. Koma anawathokoza ali pakhomo, ndipo anapitiriza kukhulupirira zimene ankakhulupirira. Sindiwaweruza. Kuganiza kuti matenda analowa ndi mlongo wawo, amene ankamuphikira tsiku ndi tsiku, kukanawalemera kuposa matendawo.

Amayi atayambanso kukazinga, anandipatsa chitumbuwa choyamba, chotentha, mafuta akudontha papepala. Mwana wa aneba anali pafupi ndi mpando wa agogo ake, akundiyang'ana. Ndinanyema theka n'kumupatsa. Ndinkadziona ngati wachifundo kwambiri, chifukwa ndinali kukhululukira nyumba yawo. Asanalume, amayi ake anatulukira, anamulanda chitumbuwacho mofatsa n'kundibwezera m'manja.

"Osati manje, mwana wanga. Papite masiku. Ba tate ni okalamba."

Anamutenga mwanayo, anawathandiza abambo awo kunyamuka, onse atatu analowa n'kutseka chitseko.

Ndinaima pabwalo ndi zidutswa ziwiri za chitumbuwa. Ndinathamangira kwa amayi kukanena kuti aneba ndi amwano, atinyoza. Miyezi yonse ija ndinali nditaphunzira kuopa mpopi, chingwe, mbale ndi chifuwa cha munthu wina kuseri kwa khoma. Sizinandifike m'mutu, ngakhale tsiku limenelo, kuti khomalo linali ndi mbali ziwiri, ndipo kumbali inayo kunali mayi amene ankamvetsera chifuwa cha m'nyumba mwathu, akuopa dzanja langa.