Nkhata pa Diresi la Ubatizo

Ntchito ndinaipeza chifukwa cha bulauzi yong'ambika. Ndinali nditaphimba pong'ambikapo ndi kaduwa kosoka pamanja, ndipo mayi wina mu minibasi yopita ku Chilomoni anandigwira mkono n'kuyang'anitsitsa. "Wasoka ndani apa?" Nditawayankha kuti ndine, anati ndikawapeze Lolemba. Anali mayi Asiyatu, telala wa madiresi a ukwati ndi ubatizo, amene maso anali atayamba kuwavuta.

Anandiphunzitsa kusoka maluwa oyera pa nsalu yoyera. Umajambula ndi pensulo mopepuka, n'kukunga nsalu pa felemu yozungulira mpaka ilire ngati ng'oma. Duwa lililonse umayamba waliyalira ulusi pansi, kenako n'kuphimba mopingasa kuti litukuke. Popanda mtundu wobisa cholakwa, chilichonse chimaonekera. Ndinkasamba m'manja mpaka khungu kuuma, ndipo galimoto ikadutsa ndi fumbi lake ndinkafungatira nsalu, mtima uli m'mwamba.

Ntchito yanga yoyamba yaikulu inali diresi la ubatizo la khanda. Mayi wake, mayi Nachuma, anabweretsa nsalu yopyapyala yodula ku diresi lawo la ukwati, nati akufuna maluwa pachifuwa. Abwana anga, mayi Asiyatu, anasankha chithunzi m'buku lawo lakale lakunja: maluwa ndi masamba olukana mozungulira. Ndinasoka mosamala, ndipo sindibisa, ndinkadzitama.

Lachisanu, ubatizo uli Lamlungu, mayi Nachuma anabwera mwana ali kumbuyo. Ndinatambasula diresilo ndikudikira kuyamikiridwa. Iwo sanalikhudze n'komwe.

"Iyi si nkhata iyi?" anafunsa motsitsa mawu. "Ine nkhata ndaikapo kawiri, kumanda. Uyu ndi wachitatu. Ndimuvekenso pachifuwa ali moyo?"

Masiku onsewo ndinkaona masamba ndi timfundo, osaona chimene aliyense wopita ku maliro akanaona msanga. Nsalu ina panalibe. Abwana anapepesa, nawauza kuti abwere mawa lake masana. Mayi Nachuma atatuluka, abwana ananditembenukira.

"Nkhatayi tiitsegula pamwamba kuti isakhalenso yozungulira. Maso anga sangathe, umasula iweyo. Ukadula nsalu, basi tathera pompo."

Kumasula choyera pa choyera n'koopsa kuposa kusoka. Ndinakhala pakhonde pomwe dzuwa limafika chammbali, chifukwa kamthunzi kokha ndi kamene kamasiyanitsa ulusi wako ndi wa nsalu. Ndinatembenuza diresi, n'kumalowetsa nsonga ya singano pansi pa ulusi umodzi, kuutukula, kuudula ndi lezala, kenako kuusolola kumaso. Manja ankatuluka thukuta, ndinkapukuta pa thaulo mphindi iliyonse. Mwana wa aneba atamenyetsa mpira pa malata ndinadzidzimuka, lezala n'kugwera pa nsalu. Ndinatseka maso, kuopa kuyang'ana. Mwamwayi inagwa chafulati.

Masamba apamwamba atachoka panatsala timabowo ta singano, tondandalika ngati njira ya nyerere. Apa ndinalira, poganiza kuti ndawononga. Abwana anandikalipira kuti misozi idontha pa nsalu. Ananyowetsa malowo ndi madzi oyera, n'kumakanda pang'onopang'ono ndi chikhadabo mpaka ulusi wa nsalu unabwererana. Loweruka m'mawa ndinasoka timasamba tatsopano kumapeto onse awiri, toloza ku mapewa, ndipo tinasita chakumbuyo pa thaulo kuti maluwa asaphwatalale.

Mayi Nachuma atafika, ine ndinayima kuseri kwa mashini. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anamasula mwana kumbuyo, namuyesa diresilo pomwepo. Nthambi ziwiri zinakwera kuchokera pamimba, ndipo pamene panali potseka panatulukira kamutu ka mwanayo, akuyamwa chibakera.

"Eya," anatero. "Apa zikukula."

Lero ndili ndi mashini anga ku Zingwangwa. Munthu akabweretsa nsalu sindithamangira singano. Ndimajambula papepala, n'kumupatsa kuti aone ndi maso ake, ndipo ndimafunsa kuti wovalayo ndi ndani. Ena amadabwa kuti telala mafunso achuluka bwanji.

Mwana uja dzina lake ndi Tadala. Ndinakumana naye chaka chatha pa siteji, yunifolomu ili mbuu ndi fumbi, akulimbana ndi amayi ake kuti amugulire chimanga chootcha.