Munafunsa kuti anali pansi ndani

Amayi, lero ndimaphunzitsa ana za mafunde a mphamvu yokoka, ndipo ndili pakati pofotokoza ndinakukumbukirani mpaka choko chinaima m'manja. Tsiku lija ndinabwera kunyumba ndi nkhaniyi, ndinakupezani mukusita pakhonde. Ndinakuuzani kuti kutali kwambiri nyenyezi ziwiri zakufa zinagundana, mlengalenga munagwedezeka, ndipo makina a asayansi amva kugwedezekako. Ndinafotokozanso kuti amayerekeza zimene amvazo ndi masamu awo, kuti aone ngati amaimvetsadi mphamvu imene imagwetsa zinthu pansi. Inu munaika simbi pambali n'kuimirira. "Nhai mwanangu, anali pansi ndani?"

Kukomboni ya mgodi kuno ku Bindura, nthaka ikagwedezeka nthawi yophulitsa miyala isanakwane, akazi onse ankathamangira kugeti kukamva ngati amuna awo atuluka amoyo. Inunso munathamanga choncho zaka zambiri chifukwa cha abambo. Ndinkafuna kuti mtima wanu ukhale pansi, choncho ndinati kumeneko kulibe munthu, komanso zinachitika kalekale, uthenga wake wangochedwa kufika. Munati, "Ndiye kuti abale awo angomva lero?" Ndinayambiranso kufotokoza mofatsa, inu n'kubwerera pakusita. Papita chaka chikuikireni m'manda, koma sindikudziwabe ngati munandikhulupirira, kapena munangondileka poona mmene ndinkasangalalira, nkhawa n'kutsala nayo nokha. Amayi, tsopano ndifunse yani? Gonani bwino, palibenso wathu amene ali mumgodi.