Dimba la Amayi ndi Yunivesite ya Khasu

Bambo anga aang'ono ankafuna loya m'banja. Sankafuna dokotala kapena mphunzitsi, ankafuna loya basi, ndipo mayeso anga a Fomu Folo atatuluka bwino anaona kuti Mulungu wawayankha. Ineyo sanandifunse. Kwathu kwa Malemia mwana wamkazi safunsidwa, amangouzidwa, ndipo akauzidwa amagwada n'kunena kuti takhuta, ndiye zikomo wa Chisena ameneyo.

Bambo ondibereka anamwalira ndili ku pulayimale. Iwo anali Asena, pomwe amayi ndi Amang'anja a kufupi ndi Ngabu. Ukwati wawo unali wa Chisena, ng'ombe zinaperekedwa, motero amayi anasamukira kwa amuna awo ndipo ife ana tinakhala a kuchimuna. Maliro atatha amayi sanabwerere kwawo. Anatsala m'nyumba ya malemu n'kumalima dimba la malemu m'mphepete mwa Shire. Koma aliyense ankadziwa kuti nthakayo si yawo. Inali ya banja la bambo, ndipo woilamulira anali mng'ono wawo uja, amene ndinakula ndikuwaitana kuti baba. Azikulu anga anali atakwatiwa kale, pakhomo tinatsala awiri, ine ndi amayi, ndipo chakudya chathu chonse chinkachokera m'dimba limenelo.

Chaka chimene ndinali pakhomo kudikira za yunivesite, madzi anasefukira. Tinathawira kumtunda, tinakagona m'makalasi a pasukulu pamodzi ndi mbuzi za anthu. Madzi ataphwa tinatsikira kudimba ndipo sitinalizindikire. Ponse panali mchenga woyera, wosalala, ngati wina wausesa. Nthochi zimene zinali malire pakati pa ife ndi eni dimba loyandikana nalo zinali zitakokoloka ndi mizu yomwe.

Mlandu unayambira pamenepo. Baba ankaloza ndi ndodo kuti nthochi zinali apa, mnzawoyo ankaloza ndi yake kuti ayi, zinali apo, amuna aakuluakulu awiri kujambula mizere pamchenga ngati ana osewera. Anapita kubwalo, sizinathe. Mnzawoyo anali ndi mphwake wogwira ntchito kuboma, amene anabwera kubwaloko tsiku lina atavala tayi n'kulankhula Chingerezi chambiri, anthu n'kumagwedeza mitu ngakhale sankamva. Baba anabwerako atapsa mtima zedi. Kuyambira tsiku limenelo nyimbo yawo inali imodzi, yakuti banja lopanda loya ndi banja lamaliseche.

Pamene iwo ankakangana za malire, ine ndi amayi tinkakumba. Kwathu madzi akamabwerera mumtsinje timawatsatira pambuyo n'kumabzala pachinyezi. Koma chaka chimenecho dothi lakuda linali pansi pa mchenga, ndiye phando lililonse linkasanduka dzenje. Unkakumba mpaka m'mawondo, pena kupitirira, mchenga ukugumukira momwemo, mpaka khasu litatulutsa dothi lakuda. Pansi pamenepo m'pamene unkaponya chimanga. Dzuwa la kuchigwa mukulidziwa, silisewera ndi munthu. Pofika masana mchenga unkawotcha mapazi, amayi n'kumanga zigamba kuphazi, ine n'kumadumphadumpha ndikutukwana chamumtima. Kumunsi kumene mchenga unali wochepa tinabzalako mbatata.

M'maenje amenewo ndi mmene mtima wanga unatembenukira. Sindinganame kuti ndinkakonda kulima, ndinkadana nako. Chimene chinandigwira ndi mkwiyo. Chimanga china chinamera chobiriwira, china chachikasu, maenje oyandikana, mbewu imodzimodzi, ndipo panalibe wondiuza chifukwa chake. Ndinkafuna kudziwa ngati nthaka yokwiririka chonchi ingabwererenso, komanso chifukwa chimene anthu okhala pafupi ndi mtsinje waukulu chotere amagonera ndi njala chaka ndi chaka. Ndikafunsa ankandiyankha kuti ndi mmene zimakhalira. Yankho limeneli mpaka lero ndikalimva magazi amandiwira.

Nthawi yosankha itakwana, mayunivesite aakulu amene ankandikoka anali awiri. Ina ili ku Zomba, kumene amaphunzitsako zamalamulo. Ina ili kunja kwa mzinda wa Lilongwe, ya zaulimi, nthaka ndi ulimi wothirira. Umayenera kunena imene ukuiika patsogolo, ndipo aphunzitsi anga anandiuza kuti mmene ndinakhozeramo, imene ndingaike patsogoloyo ikhoza kunditenga. Zomba sindinkaida ayi. Ndinali nditamva za mitengo yake ndi kamphepo kake kozizira, ndipo kwa munthu wokulira m'ng'anjo ngati ine zimenezo si zazing'ono. Komanso aliyense ankati pakamwa pangapa m'poyenera kukhoti, poti ndinabadwa wosagonja pa mkangano. Mwina ndikanakhaladi loya wabwino. Koma ndinkadziwa kuti ndikakhala loya, ndidzakhala ndodo ya baba yolozera pamchenga.

Mnzanga wina wa kusekondale anandipatsa nzeru. Anati ndingoika Lilongwe patsogolo mwakachetechete, dzina likadzatuluka ndidzanene kuti boma ndi limene landiponya kumeneko, ine ndinalemba Zomba. Ambiri amatero ndipo zimawayendera. Ndinakana. Sikuti ndine woyera mtima, bodza ndimalitha bwinobwino. Koma nkhani iyi ndinkafuna kuti aimve kuchokera pakamwa panga, adziwe kuti si boma lawakana, ndine.

Tinapita ndi amayi m'mawa wina. Tinawapeza baba pansi pa mtengo wa nimu pakhomo pawo, akusoka ukonde. Ndinagwada monga mwa mwambo, ndinawapatsa moni wa Chisena, anayankha mosangalala n'kunditchula kuti loya wawo. Kenako ndinanena zimene ndinabwerera. Anayamba aseka kaye. Anaitana akazi awo kuti adzamve zodabwitsa, mwana akufuna kukwera basi mpaka ku Lilongwe kukaphunzira kugwira khasu. Anati ngati ndi khasu, iwo andiphunzitsa konkuno, ndipo ayamba mawa. Anthu amapita kusukulu kuthawa khasu, ine ndikulithamangira, kodi ndalodzedwa?

Nditabwereza mawu omwewo, kuseka kunatha. Anaika ukonde pansi.

"Nkhabe," anatero, kukana kwa Chisena kosasiya mpata. "Iwe unabadwa ndi ng'ombe za pakhomo pano. Upita kumene banja lakutuma."

"Baba, ng'ombezo sizinalembe mayeso. Ndinalemba ndine."

Amayi anandigwira mwendo kuti ndikhale chete, koma mawu anali atatuluka kale. Baba sanandiyang'anenso. Anatembenukira kwa amayi n'kulankhula modekha, ndipo kudekhako n'kumene kunandiopsa. Anati mawu a akulu amakoma akagonera. Anati popeza mwana wa amayi wasankha kukaphunzira minda, ndiye adzawapezere munda kumeneko. Dimba la banja ndi la ana omvera banja. Amayi akolole zimene anabzala, poti iwo si munthu wolanda chakudya m'munda, koma akakolola asadzapondemonso.

Pobwerera amayi anali patsogolo, ine pambuyo. Kulimba mtima kwanga konse kunali kutasungunuka. Kuyankha akulu n'kosavuta ngati chikwapu chake chigwere iwe, koma apa chinkagwera munthu amene sananene kanthu. Titafika pakhomo ndinawauza kuti basi, ndiika Zomba, malamulo nawonso ndi maphunziro, anthu akulirira malo amenewo. Ndinalankhula zambiri, ndikudzinyengerera ndekha.

Amayi anandisiya mpaka nditatopa. Anali atakhala pamkeka akumasula zigamba za kuphazi zija. Kenako anandifunsa ngati ndikuganiza kuti mlandu wa nthochi ukadzatha baba adzandimasula. Anati ukadzatha umenewo kudzabwera wa ng'ombe zodya mapira a eni, kenako wa mwana wa babayo womenya anthu kumowa, ndipo ine ndidzakhala ndikuthamangira kumudzi ndi mabuku mpaka imvi.

"Ine ndawalimira anthu amenewa ndi manja kuyambira ndili mtsikana," anatero. "Iwe usakawalimire ndi mutu."

Ndinawafunsa kuti nanga adzadya chiyani. Anati zimenezo n'zawo, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ine ndisamale zanga. M'mawa mwake ndinakwera kabaza kupita kuboma, ndinalowa mukashopu ka makompyuta, ndipo ndinaika Lilongwe patsogolo. Zomba ndinaiika pambuyo pake.

Miyezi yodikira inali yowawa. Nkhani inafalikira mudzi wonse, poti kumudzi chinsinsi ndi chimene sichinachitike. Anyamata a pamsika ankandikuwiza kuti adokotala a khasu. Azimayi a kumpingo anabwera kudzandipempherera kuti mzimu wamwano uchoke, ndipo ndinatseka maso nawo limodzi n'kuvomereza ameni mokweza kuposa onse. Ena ankabwera kwa amayi mwachifundo chabodza, n'kumati mwana mmodzi asawatayitse malo amene akhalapo zaka zonsezi, andikakamize ndikapepese. Kupepesa chifukwa cha mawu a ng'ombe aja ndinapitadi, poti ndinawalankhula mwachipongwe, ndipo ndinagwada. Koma baba atafunsa ngati ndasintha maganizo ndinati ayi. Anandiuza kuti ndinyamuke, ndikuwatchingira mphepo.

Pansi pa mtima ndinkayembekezera kuti afewa. Ndinkati ndi ukali chabe, dzina likadzatuluka adzanyada ngati makolo ena onse, mwina n'kupha mbuzi. Dzina linatulukadi, ku Lilongwe. Mbuzi sinafe. Tinakolola chimanga chochepa chija, tinakumba mbatata, ndipo sabata yomweyo mwana wa baba anatsikira kudimba ndi makasu ndi anzake. Analowa m'maenje omwe tinakumba ife, osavutika n'komwe kufunafuna dothi lakuda.

Anthu amandifunsa ngati sindinong'oneza bondo. Ena amafunsa mwachikondi, ena amafuna kundiona ndikugwetsa nkhope. Zimandipweteka, zimenezo sindibisa, ndipo pali masiku ku yunivesite amene ndinkasiya chakudya m'mbale ndikaganiza kuti amayi adya chiyani. Koma kupwetekedwa ndi kulakwa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Amene analanda dimba la mkazi wamasiye si ine. Ine ndinangosankha sukulu. Baba mpaka lero moni wanga amauyankha ndi mphuno, ndipo ine ndimawapatsabe, mokweza, pamaso pa anthu, nditagwada bwinobwino. Mlandu wawo wa nthochi sunathebe, ndipo mtsinje wasunthanso kangapo kuchokera nthawi imeneyo.

Amayi sanapemphe chifundo kwa wina aliyense. Anatumiza uthenga kwa mng'ono wawo ku Ngabu, amene anayankha kuti kadimba kakang'ono kalipo, abwere agawane. Anakatsanzika kwa baba mwaulemu wonse, ndipo baba anangoti ayende bwino. Amayi anakasesa pamanda a bambo. Mbale ndi mipando anagawira azikulu anga. Dzulo lake la ulendo anapita kwa mnzawo amene anamusungitsa mbewu ya mbatata zathu, n'kudula mtolo waukulu wa zingwe zake, n'kuukulunga m'chiguduli chonyowa kuti zisafote panjira.

Tinanyamuka tsiku limodzi, minibasi imodzi, ine wa ku Lilongwe, iwo wa kwawo kumene anachokako asanabereke mwana ndi mmodzi yemwe. Kondakitala anadandaula kuti mtolowo ukudontheza madzi pa katundu wa anthu, amayi n'kuunyamula pamiyendo njira yonse. Chitenje chawo chinanyowa, koma sanasunthe. Anangondikumbutsa kuti ku Lilongwe kumazizira, ndisamachite manyazi kuvala juzi ngakhale anzanga asavale.

Pa Ngabu minibasi inaima pamsika, amayi n'kutsika. Mng'ono wawo uja sanaoneke, ndipo anyamata a kabaza anawazungulira akulimbirana katundu. Ndinawaona ataima padzuwa, thumba la zovala pansi, mtolo m'manja, akuyang'ana uku ndi uku ngati mlendo pamalo pomwe anabadwira. Ndinadzuka pampando. Ndinati nditsike ndiwaperekeze, ndikawafikitse pakhomo, Lilongwe ndipita mawa kapena mkuja, sithawa.

Anabwera pawindo. Nkhope yawo inali youma, maso okha ndi amene anali ofiira.

"Khala pansi," anatero. "Ukatsika galimoto imeneyi ndikumenya pamaso pa anthu onsewa."

Ndinakhala pansi. Kondakitala analowetsa munthu wina pampando umene anakhala amayi, n'kumenya chitseko, ndipo tinanyamuka kulowera ku Chikwawa.